Ku Hakone: Bafa la M'chipinda Kapena Lobwereka?

Pa akasupe otentha a ku Japan anthu amasambira limodzi ali maliseche, amuna kwawo, akazi kwawo. Ngati zikukuchititsani manyazi, nyumba zogona alendo za ku Hakone, tauni ya m'mapiri yotchuka ndi akasupe amenewa, zili ndi njira ziwiri.

Chipinda chokhala ndi bafa lakelake pakhonde n'chokoma zedi: mumalowa m'madzi ngakhale pakati pa usiku, nthunzi ili tolotolo, kamphepo ka m'mapiri kakukupitani kumaso. Koma mtengo wake ndi woboola m'thumba. Mufunsenso musanalipire, chifukwa ena amangotenthetsa madzi a pampopi, osati a pakasupe.

Lobwereka, lotchedwa kashikiri, mumadzitsekeramo ndi banja lanu, kawirikawiri kwa mphindi pafupifupi 45, ndipo m'malo ambiri nthawi yake mumasungitsiratu. Ine ndingasankhe limeneli, ndalama zotsalazo ndigonere usiku wachiwiri.