Kamaikulosikopu ka USB kandionetsa kachikumbu ka mu amber

Achemwali anga anandibweretsera kamwala ka amber kuchokera ku Gdańsk, ku Poland. Amber ndi utomoni wa mitengo yakalekale umene unauma gwa, ndipo wa m'mbali mwa nyanja ya Baltic uli ndi zaka zoposa 34 miliyoni. M'kati mwake munali kadontho kakuda, kochepa ngati njere ya mawere.

Ndiye ndinagula kamaikulosikopu kolumikiza pa kompyuta. Abale, nditayika kamwalako ndinangoti kakasi! Kadontho kaja ndi kachikumbu kathunthu: mapiko awiri olimba ophimba msana, okhala ndi timizere ta timaenje, miyendo 6 yopindikira kumimba, tinyanga ta mfundomfundo totupa kunsonga. Mwendo umodzi uli ndi kathovu ka mpweya pafupi ndi tizikhadabo. Ndinakayang'ana mpaka usiku.

Chondidandaulitsa ndi choimikira cha kamaikulosikopuka, ndi chapulasitiki ndipo chimagwedera ukangokhudza tebulo. Timagetsi take timanyezimiranso pa amber, moti ndimatizimitsa n'kuunikira ndi tochi cham'mbali. Kumimba kwa kachikumbuko sikuoneka bwino chifukwa cha chifunga choyera cha mu utomonimo, limenelo si vuto la makinawa.

Aphunzitsi a sayansi, kaguleni, koma mupezeretu choimikira chachitsulo.