Ndemanga ya kalembedwe ka The Boy Who Harnessed the Wind, buku la achinyamata

Wogula asamale, chifukwa bukuli lili m'mitundu itatu: la akuluakulu lomwe linatuluka mu 2009, la zithunzi la ana aang'ono, ndi la achinyamata la mu 2015 lolembedwa Young Readers Edition pachikuto. Tikunena za lachitatuli. Lili m'Chingerezi, masamba ake ndi pafupifupi 300, ndipo analemba ndi William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer. Nkhaniyi, ya mmene William ali mnyamata anapangira makina oyendera mphepo otulutsa magetsi, si yopeka, koma anaiyala monga ayalira nthano yaitali, William mwiniwake ndiye akusimba.

Mphamvu ya kalembedwe kake ili pa mitu yonena za njala ya mu 2001 ndi 2002. Olembawo sakuuzani kuti anthu anavutika, akukuonetsani. Chakudya chikutsika mpaka kamodzi patsiku, anthu akudya madeya, ena akukanganirana pamzere wa chimanga ku ADMARC, kenako kolera akulowa m'mudzi. Ziganizo zikufupika pamene njala ikukula. Imfa ya galu wa William, Khamba, inalembedwa mosakometsera ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake imapweteka kwambiri. Wophunzira amene akufuna kudziwa kulemba za chisoni popanda kuchulutsa mawu awerenge mutu umenewu kawiri. Koma kwa mwana wosafika zaka 10 ndi wolemera, awerenge ndi munthu wamkulu.

Kufotokoza za sayansi nakonso kunayenda bwino. Mnyamatayu atasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi, akupeza buku la Using Energy mulaibulale yaing'ono, ndipo owerenga akuphunzira naye limodzi sitepe ndi sitepe. Chipangizo chilichonse cha makina a mphepowo chikutchulidwa ndi ntchito yake: fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki owawotcha n'kuwaphwatalatsa kuti akhale mapiko, felemu ya njinga, dayinamo, ndi mitengo ya bulugamu yomangira nsanja. Zolephera sanazibise. Tcheni chikumasomphoka mphepo ikakula, mawaya osakutidwa bwino akufuna kutentha nyumba, mpaka iye akupanga chodulira magetsi ndi misomali, waya ndi maginito. Vuto lili poti kusiyana kwa magetsi otuluka mu dayinamo ndi amene batire imasunga anakufotokoza ndi mawu ambiri, pamene pankafunika chojambula chomveka. Mphunzitsi abwere ndi dayinamo ya njinga ndi babu m'kalasi, apo ayi ana ambiri adumpha masamba amenewo.

Pofooka palipo. Choyamba, bukuli analembera owerenga akunja. Nsima, sing'anga ndi Gule Wamkulu akuzimasulira ngati zachilendo, ndipo m'malo ena mukumveka liwu la mtolankhani uja, osati la mnyamata wa ku Kasungu, makamaka pa zifanifani ndi nthabwala. Mwana wa kuno aziona zimenezi msanga. Chachiwiri, ampangankhani aakazi ndi osaumbika mokwanira. Mnzake Gilbert, mbale wake Geoffrey ndi bambo ake a William timawadziwa mtima wawo, koma mayi ake ndi alongo ake amangodutsa, chonsecho njala inawagwera iwo koopsa.

Tsatanetsatane wa nkhani nayenso akupendekeka. Pampondachimera ndi tsiku lomwe babu likuyaka pamaso pa anthu amene ankamunena kuti wachita misala, ndipo tsikulo talionapo kale m'mawu otsegulira buku. Kuchoka apo nkhani ikuthamanga: atolankhani, msonkhano wa TED wogawana nzeru zatsopano ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007, maulendo, sukulu zatsopano, zonse zikungondandalikidwa ngati lipoti.

Chingerezi chake ndi chosavuta kwa wophunzira wa Fomu 1 kapena 2, ndipo wa Sitandade 8 wokonda kuwerenga angakwanitse ali ndi dikishonale pafupi. Amene anaonera filimu ya nkhaniyi ya mu 2019 asaganize kuti buku walimaliza, chifukwa filimuyo imathera pa kupopa madzi, pamene makina oyamba a m'bukumu anali oyatsira magetsi m'nyumba. Kwa kalabu yowerenga, mitu iwiri pa sabata ndi yokwanira, koma ya njala ija muipatse sabata yakeyake.