Zitseko ziwiri kapena zinayi: galimoto ya banja la ana

Galimoto yaing'ono ya zitseko ziwiri ili ndi ubwino wake. Mwana wokhala kumbuyo alibe chitseko choti angatsegule galimoto ikuthamanga. Ngati mwanayo ndi wamkulu, wotha kukwera ndi kumanga lamba yekha, imakwana ndithu.

Kukabadwa khanda zinthu zimasintha. Mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo, ndipo suyenera kuikidwa kutsogolo airbag (thumba la mpweya lomwe limafufuma pangozi) ikugwira ntchito, chifukwa ikaphulika imaumenya mwamphamvu. Ndiye mupinde mpando wakutsogolo, muwerame, mulowetse theka la thupi mwana ali m'manja, kenako mumange malamba musakuona bwino. Tsiku ndi tsiku msana umadandaula, ndipo lamba womangidwa mwachisawawa ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Zitseko za galimoto yotereyi n'zazitalinso, moti mukaimika pakati pa magalimoto ena sizitseguka mokwanira.

Ya zitseko zinayi, mwana mumamufikira mutaima pambali pake. Zitseko zakumbuyo zili ndi loko woletsa kutsegula kuchokera m'kati, ndipo pangozi ana amatulutsidwa msanga. Nanga mafuta? Zikakhala zofanana kukula ndi injini, kusiyana kwake n'kochepa.