The Gods Must Be Crazy kapena Sarafina: iti yoonetsa Loweruka madzulo?

Mafilimu awiriwa anthu a ku Luchenza ndi ku Chitakale akhala akuwaonera kuyambira nthawi ya matepi. The Gods Must Be Crazy ndi ya 1980: botolo la Coca-Cola ligwa kuchokera m'ndege ku Kalahari, libweretsa mkangano pakati pa anthu, ndipo mmodzi wa iwo, Xi, aganiza zokalitaya kumalekezero a dziko. Sarafina ndi ya 1992, nkhani ya ana asukulu a ku Soweto, ku South Africa, olimbana ndi tsankho.

Kumveka: The Gods siifuna Chingerezi, ngakhale agogo amaseka galimoto ija yopanda mabuleki ikamabwerera yokha. Sarafina imafuna woimvetsera bwino.

Nyimbo: apa Sarafina ilibe mnzake. Leleti Khumalo, yemwe ndi Sarafina mufilimuyi, akayamba kuvina, omwe amasenda chinangwa amaima.

Zofooka: The Gods imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa kanthu, ndipo zimenezi zimandiwawa. Inapangidwa nthawi ya tsankho koma siinenapo kanthu. Sarafina ili ndi nkhanza za apolisi zoopsa kwa ana aang'ono.

Banja lonse likakhala pamkeka, ikani The Gods. Achinyamata a kusekondale aonetseni Sarafina, kenako mukambirane nawo za zionetsero za ana asukulu a ku Soweto za mu 1976.