In for the Kill ya La Roux patatha miyezi 8: pa remix ya Skream paja ndinalakwa

Mu February ndinanena motsindika kuti pa nyimbo ya La Roux ija, In for the Kill, ya original ndiye mwini wake, ndipo remix imene anapanga DJ wotchedwa Skream ndinaitcha nsima yopanda ndiwo, mawu okhaokha akungolira popanda chowagwira. Chabwino, patha miyezi 8 ndikuzimvera zonse ziwiri pafupifupi sabata iliyonse ndipo ndabwera kudzabweza mawu aja, osati onse ayi koma ambiri ndithu.

Kwa amene simukuidziwa, nyimboyi si yatsopano, inatuluka ku UK mu 2009 ndipo inafika pa nambala 2 pa chart yakumeneko, ine ndi amene ndinachedwa nayo, ndinangoipeza mu flash ya msuweni wanga pakati pa nyimbo zambirimbiri zopanda mayina. Nthawi imeneyo La Roux anali anthu awiri, Elly Jackson, mtsikana wa ku London wa tsitsi lofiira la tsumba uja, ndi Ben Langmaid amene ankapanga nawo nyimbo koma osaonekera pagulu. Chimbale chawo choyambacho chinawina Grammy mu 2011, kenako Langmaid anachoka, Elly n'kutsala yekha ndi dzinalo.

Ndiye chinasintha n'chani? Sipika basi. Mu February ndinkamvera pa foni ndi timahedifoni totchipa togula pa depoti, ndipo pa foni remix ya Skream ilibedi kanthu, umangomva mawu a Elly ndi kang'oma kogunda mwa apo ndi apo ngati munthu akukhoma msomali mwaulesi. Mu June alamu anga akusamuka anandisungitsa sabuwufa yawo, ndinailumikiza tsiku lina usiku magetsi atangoyaka, ndinangoti ndiyesere ndi nyimbo iliyonse ndipo mwangozi inayamba ndi yomweyo. Aise, galasi la windo linayamba kunjenjemera, masupuni mu kabati akulira, bezi yake siumaimva ndi khutu kwenikweni, imakulowa m'mimba ndi m'chifuwa. Kumeneko ndi kumene ndinazindikira kuti theka la nyimbo ndinali ndisanalimvepo miyezi inayi yonse koma ndili kalikiliki kuiweruza.

Skream ndi mnyamata wa ku Croydon, kum'mwera kwa London, mmodzi mwa amene anayambitsa dubstep, mtundu wa nyimbo zodalira bezi yolemera, ndipo nyimbo zimenezo anazipangira masipika akuluakulu a m'makalabu osati kafoni ka m'thumba. Zimene anachita apa n'zoti anachotsa ma synth (kulira kwa makiyibodi amagetsi) onse othamanga a mu original, n'kusiya mawu ali paokha pamwamba, pansi n'kuika bezi yolemera yoyenda pang'onopang'ono. Liwiro la dubstep limakhala cha m'ma beat 140 pa mphindi koma ng'oma imagwa mwa theka, ndiye umamva ngati nyimbo ikukwawa pomwe mkati ikuthamanga. Mawu a Elly aja, amene mu original amamveka ngati munthu wolimba mtima akupita kunkhondo, apa amamveka ngati munthu ali yekhayekha m'nyumba yaikulu yopanda katundu, mawu omwewo osasintha koma nkhani yasanduka ina. Ndipo chakumapeto, utaiwala kale zovina, ng'oma zothamanga za mtundu wa nyimbo wotchedwa jungle zimangogwa mwadzidzidzi, kanthawi kochepa, basi nyimbo yatha. Mpaka lero pamenepo tsitsi limandiimabe ngakhale ndikudziwa kuti zikubwera.

Koma musanamizidwe ndi dzina lakuti Let's Get Ravey limene analipatsa remix imeneyi, si yoti anthu angavine kwathu kuno. Ndinaiyesa mu August tikuwotcha nyama ndi anzanga, anthu anali atatenthedwa kale ndi amapiano, ine ndi chidwi changa n'kulowetsa Skream. Anthu anaima ndi mabotolo m'manja kudikira, mnzanga wina anandiyandikira n'kuti, "Akulu, nyimbo yanuyi yayamba kale kapena ikadali ku intro?" Pomwe ng'oma zija zimagwa anthu anali atakhala pansi, awiri okha anadumpha, isanawakwane n'komwe yatha. Anandilanda chingwe. Sindinawakwiyire, ndinalakwitsa ndine, ndi nyimbo yomvera wekha kapena ndi munthu mmodzi wodekha, usiku, nyale itazima.

Ya original nayo ndimaikondabe koma yatsika. Mawu a Elly ndi okwera kwambiri, akuthwa, ndipo ma synth akenso ndi akuthwa ngati a nyimbo za m'ma 1980, ndiye zonse zikakumana mu hedifoni uli mu minibasi, ukaibwereza kachitatu khutu limayamba kuwawa, sindikunama. Ubwino wake ndi woti imamveka paliponse, pa foni, pa wailesi, pa kasipika ka m'kitchini, siifuna zida. M'mawa ndikamachapa kapena kukolopa ndi imene ndimaika, imandithamangitsa.

Za ma version enawo sindichedwapo. Ya Skrillex, DJ wa ku America, mu February ndinaiyamikira kuti ili ndi moto, pofika April ndinali nditaifufuta, phokoso lake limakoma sabata yoyamba kenako umangomva ngati chigayo chalowa mwala, ndipo mawu a Elly amawadula mpaka osatsala kanthu kogwira mtima. Iliponso ina imene Kanye West anaikapo mawu ake mu 2010, ndinaimvera kawiri, ndinangoona ngati mlendo wafika anthu atadya kale.

Pano mu foni mwatsala ziwiri, original ndi ya Skream, koma vuto ndi loti alamu aimba dzulo kuti nyumba yawo yatheka ndipo sabuwufa adzaitenga kumapeto kwa mwezi. Ndayamba kale kufunsa mitengo m'tauni, madamu akungondiyang'ana, ndipo aneba a kuseri kwa khoma, amene kawiri konse anagogodapo kufunsa ngati ndikuboola chipupa, sindinawauzebe kuti ndikufuna kugula yanga.