Kalasi yojambula nkhope pa Dedza boma, patapita miyezi

Ena munafunsa ngati kalasi ya Loweruka ija yojambula nkhope ndi pensulo ndikupitabe komanso ngati ndalama yake ikupindula. Ndikupitabe, ndipo amene mukufuna kujambula nkhope za anthu akuda ngati ife, musazengereze.

Masabata oyamba aphunzitsi sanatilole kukhudza nkhope. Tinkangodetsa timabokosi tisanu, kuchokera poyera mpaka pakuda bii, ndi mapensulo a 2H, HB, 2B, 4B ndi 6B. A H ndi olimba, amalemba motuwa. A B ndi ofewa, amada. Kenako anatiikira dzira patebulo pafupi ndi windo. Angapo anagwa ulesi n'kusiya. Komatu dziralo ndi limene linatiphunzitsa kuona: pali powala, pali poderako, pali mthunzi weniweni, ndipo kunsi kwa mthunziwo kuli kakuwala kobwerera kuchokera patebulo. Kakuwala komweko mudzakapeza pansi pa chibwano cha munthu wovala malaya oyera.

Chimene ndimawayamikira koposa ndi mmene amaphunzitsira khungu lakuda. Ophunzira ambiri amangopaka 6B nkhope yonse, munthu n'kutuluka wophwatalala, wopanda mphuno, wopanda masaya. Aphunzitsi amatiuza kuti titsinzine pang'ono, tione kaye pamene kuwala kwagunda. Khungu lathu limanyezimira pachipumi, pamphuno ndi pamwamba pa masaya, ndiye malo amenewo amasiyidwa oyera kapena kuyeretsedwa ndi chofufutira chofewa chija chokanyika. Kuda kwenikweni kumasungidwira mboni za maso, mabowo a mphuno ndi pakati pa milomo basi. Kutikita ndi chala amaletsa, poti mafuta a m'manja amasiya mabanga osachoka.

Zondidandaulitsa zilipo. Timadalira kwambiri zithunzi za pafoni, pomwe zambiri zinajambulidwa ndi flash (kagetsi kong'anima ka pa kamera), imene imapha mithunzi yonse. Ndikanakonda wina azitikhalira pampando, ngakhale kamodzi pamwezi, kapena tidzapite ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso ku Mua, tikajambule nkhope zosema zija, chifukwa mtengo wosema umaonetsa mthunzi bwino zedi. Makala ojambulira, amene sanyezimira, nawonso anachedwa kutiyambitsa, chonsecho pensulo ukaikanikiza imanyezimira, tsitsi n'kuoneka ngati chitsulo.

Mapepala muzisunga m'pulasitiki. Chifunga cha Juni kuno chimawafewetsa, ndipo pepala lachinyezi limanyotsoka mukamafufuta. Mapensulo ofewa ine ndimakagula ku Lilongwe.