Death Wish ya 1974: filimu yobwezera imene wolakwa sapezeka

Filimuyi ndi ya mphindi 93, anaitsogolera Michael Winner. Charles Bronson akusewera ngati Paul Kersey, katswiri wojambula mapulani a nyumba ku New York. Achifwamba atatu akulowa m'nyumba mwake, akumenya mkazi wake mpaka kufa ndi kuchita zachipongwe mwana wake wamkazi. Gawo limeneli ndi lowawa kuonera, musaike pali ana.

Theka loyamba ndi lopangidwa mwaluso chifukwa Kersey sasanduka chilombo tsiku limodzi. Chida chake choyamba ndi sokosi yodzaza ndalama zachitsulo. Mfuti ya .32 akuchita kupatsidwa ngati mphatso atapita kukagwira ntchito ku Tucson, ndipo atawombera munthu koyamba akuthamangira kunyumba kukasanza. Nyimbo za Herbie Hancock zikuthandiza kuti mtima ukhale m'mwamba.

Vuto likuyamba apa. Achifwamba atatu aja (mmodzi ndi Jeff Goldblum, m'filimu yake yoyamba) Kersey sawapeza konse mpaka filimu kutha. Amene akufa ndi ena, omwe iye akuwatchera msampha poonetsa chikwama cha ndalama kapena kukhala yekha m'sitima usiku. Ndipo filimuyi ikubera woonera: aliyense wowomberedwa amayamba waonetsa poyera kuti ndi mbava. Palibe chipolopolo chosochera, palibe wosalakwa wophedwa chifukwa chomuganizira. Mafunso amene khoti limafunsa, a umboni ndi kukula kwa chilango, achotsedwa dala. Ngakhale wapolisi Frank Ochoa atamuzindikira, akuluakulu akukana kumumanga poti kubera anthu m'misewu kwachepa. Akungomuuza kuti achoke mumzinda, iye nkupita ku Chicago.

Brian Garfield, mwini buku la 1972 lomwe munachokera nkhaniyi, sanakondwe ndi momwe filimuyi inamukwezera Kersey. Patatha zaka khumi filimuyi itatuluka, mu 1984, Bernhard Goetz anawombera anyamata anayi m'sitima ya ku New York, mmodzi nkulumala moyo wake wonse. Mbali imeneyo simuiona muno.

Death Wish yopangidwanso ya 2018, momwe Bruce Willis ndi dokotala wa opaleshoni ku Chicago, ikumupezetsa olakwawo, motero funso lovuta lija likutha. Ngati nthawi ndi ya filimu imodzi, onerani ya 1974. Zinayi zotsatira, kuyambira 1982 mpaka 1994, mungazidumphe.